Pansi pa mango ndi jakaranda: tingachepetse bwanji ntchito ya maluwa a mumthunzi?

Mayi wa ku Chelstone

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za maluwa. Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Lusaka kuli malo a mamita 12 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, ndipo pali mitengo itatu ikuluikulu, iwiri ya mango ndi umodzi wa jakaranda. Kumbali ya jakaranda dzuwa limafika pansi m'mawa, mwina maola awiri. Pansi pa mango ndi mthunzi tsiku lonse. Pakali pano pali kapinga wa kikuyu amene watsala zigambazigamba, ma impatiens m'mbali mwa khoma, ndi timiphika ta maluwa pafupifupi 20.

Ntchito yake ndi kusesa m'mawa uliwonse, kuwotcha masamba Loweruka, kuthirira ndi hosipayipi madzulo aliwonse kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa, kuzula udzu dzinja lonse, ndi kubzalanso kapinga chaka ndi chaka. Madzi ndi a borehole, amalowa mu thanki ya malita 2,500 imene ili pa sitandi ya mamita 4. Mitengo sindikufuna kuidula chifukwa mu Okutobala ndiyo imatipulumutsa ku kutentha. Chimene ndikufuna n'choti malowa azioneka bwino koma ntchito yake ikhale ya ola limodzi kapena awiri pa sabata. Ndiyambire pati, ndipo ndibzale chiyani?

Bambo wa nazale ku Makeni

Amayi, ntchito yambiri imene mwatchulayi gwero lake ndi tsache. Mukamasesa pansi pa mtengo tsiku ndi tsiku mumavula nthaka chofunda chake. Dothi lofiira la kunoli likakhala poyera limalimba ngati khonde lozira, madzi a hosipayipi amangoyenderera pamwamba osalowa, ndiye mawa lake muyenera kuthiriranso. Njere za chisoso ndi khovani zimamera chifukwa zapeza kuwala pa dothi losaphimbidwa. Masamba amene mukuwotcha Lowerukawo ndiwo akanatseka mipata yonseyi. Kikuyu naye amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa, choncho pansi pa mango mudzamubzala chaka chilichonse ndipo chaka chilichonse adzatha.

Yambani ndi kugawa malowo pawiri: poponda ndi pobzala. Dulani njira ya masentimita 80 m'lifupi ndi pokhala pa mamita 3 mbali zonse. Zimenezi zidya masikweya mita pafupifupi 15, kutsala 45 a mabedi. Poponda ikanipo fumbi la miyala yophwanya la ku kwale lokhuthala masentimita 5 n'kulitsendera bwino, kapena miyala yafulati yokhazikidwa pa mchenga. Musathire konkire pamwamba pa mizu. Imatseka madzi ndi mpweya, ndipo pakapita zaka zochepa mizu imaikweza n'kuing'amba. Tsache lanu lizigwira ntchito popondapo pokha, ndipo zimene mwasesa muzikankhira m'mabedi.

Pakati pa njira ndi bedi payenera kukhala malire olimba. Njerwa zootcha zoimika cham'mbali, theka pansi theka pamwamba, n'zokwanira. Pa mita imodzi pamalowa njerwa 4 kapena 5. Popanda malirewa mvula yamkuntho ya mu Disembala imakokolola zophimbira zonse n'kuziunjika panjira, ndipo mumabwereranso pa tsache.

Tsopano mabedi. Tchetchani kikuyu mpaka pansi, palani misisi yake yoyandayo ndi khasu koma osapitirira masentimita 10 kuya, chifukwa mizu yaing'ono imene mtengo umadyera ili pomwepo. Mukakumana ndi muzu wonenepa ngati mkono, ulambalaleni. Thirirani mpaka dothi litafewa. Yalani manyowa owola bwino okhuthala masentimita 2, kutanthauza wilibala imodzi pa masikweya mita 3. Ngati ndi a nkhuku osakanikirana ndi utuchi, akhale atagona pamulu miyezi iwiri kapena kuposa, apo ayi awotcha mbande. Pamwamba pake yalani makatoni, mutachotsa selotepi ndi mapulasitiki onse, ndipo katoni iliyonse ikwere pa inzake masentimita 15. Pamene makatoni angogundana osakwerana, kikuyu ndi dawe amatulukira pomwepo. Nyowetsani makatoniwo, kenako phimbirani ndi masamba kapena zinyalala zina zouma zokhuthala masentimita 7. Kawerengedwe kake n'kosavuta: wilibala imodzi yodzaza pa sikweya mita imodzi, ndiye inu mukufunika mawilibala ngati 45 poyambira. Zaka zotsatira mitengo idzakupatsani yokha.

Masamba a mitundu iwiri ya mitengo yanuyo ndi osiyana. A jakaranda ndi ting'onoting'ono, amawola msanga, angosiyidwa pomwe agwera. A mango ndi okhuthala ngati chikopa, akasiyidwa athunthu amatha chaka asanawole, mphepo ya mu Ogasiti imawaulutsa, ndipo akanyowa amamatana n'kutchinga madzi. Aunjikeni pamalo afulati n'kuyendetsapo makina otchetchera kapinga kawiri kapena katatu. Ngati makina mulibe, pindani waya wa khola la nkhuku ngati nkhokwe ya mita imodzi m'mimba mwake, muziponyamo masambawo ndi kuthiramo ndowa ya madzi pa sabata. Pakatha miyezi 6 mpaka 9 amakhala ofewa, oyenera kuyala. Makoko a mtedza nawo ndi abwino kwambiri. Utuchi wa ku msika wa matabwa wa Buseko ungagwiritsidwe ntchito, koma sankhani wa mapalepale a pulena, osati wosalala ngati ufa, chifukwa wosalalawo umagwirana n'kukana madzi. Uzikhala pamwamba pokha. Mukausakaniza ndi dothi umalanda chakudya cha mbewu pamene ukuwola ndipo masamba amachita chikasu. Wa matabwa onyikidwa m'mankhwala ukaneni.

Zophimbirazi zisagunde thunthu la mtengo. Siyani mpata wa masentimita 15 kuzungulira, chifukwa khungwa likakhala lonyowa nthawi zonse limawola. Musabweretsenso lole ya dothi lakuda kuti mukweze mabedi. Mizu ikakwiriridwa mozama imasowa mpweya, ndipo mtengo umayamba kuuma nsonga patapita zaka ziwiri kapena zitatu, pamene munthu waiwala kale chimene anachita. Dothi logula limabweranso ndi timbatata ta dawe.

Ntchito yonseyi ichitike mu Okutobala ndi Novembala, kubzala kukhale mu Disembala nthaka itakhuta mvula. Pobzala mumangokankha zophimbira, kuboola katoni ndi mpeni, kukumba kadzenje kolingana ndi chubu cha mbande, n'kubwezera.

Agogo a maluwa ku Roma

Bambo a ku Makeni anena zoona pa za nthaka. Ine ndilankhule za zobzala, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzipangira ntchito ndi ndalama zawo zomwe. Mwanawe, bedi la mitundu 15 limafuna kasamalidwe ka mitundu 15. Sankha mitundu inayi kapena isanu, ubzale mtundu uliwonse pagulu lalikulu, mothinana moti pakatha chaka ndi theka dothi lisaoneke. Udzu umamera pamene pali mpata.

Uyenera kudziwanso kuti uli ndi mithunzi iwiri yosiyana. Mango sayoyola masamba onse, mthunzi wake ndi wakuda chaka chonse ndipo pansi pake ndi pouma chifukwa ngakhale mvula yowaza siifika. Jakaranda amavula masamba chakumapeto kwa nyengo yozizira, amakhala mbulanda mpaka atachita maluwa kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, ndiye kuti pa nthawi yotentha kwambiri pansi pake pamawomba dzuwa. Ambiri amabzala clivia pansi pa jakaranda mu Janyuwale poona mthunzi wabwino, kenako mu Seputembala masamba onse amapserera. Masamba a clivia akapsa sachira, chipseracho chimakhala mpaka tsambalo litakalamba.

Pansi pa mango ikapo clivia, aspidistra ndi sansevieria. Clivia mizu yake ndi yonenepa, imasunga madzi ndipo imakonda kuyenda pamwamba m'masamba owola. Talikitsa masentimita 50, zomera zinayi pa sikweya mita, ndipo usakwirire khosi lake, pamene masamba ayambira pazikhala pamwamba pa dothi. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, usiku wa mu Juni ndi Julayi umazizira, ndipo kuzizira kumeneko ndi kumene clivia amafuna kuti achite maluwa mu Ogasiti ndi Seputembala. Safuna kugawidwagawidwa, phata limodzi lingakhale zaka 5 kapena 6 osakhudzidwa. Aspidistra ndi wa pakona yakuda kwenikweni pamene china chilichonse chakana. Amakula pang'onopang'ono koma safuna kanthu. Sansevieria ikhale pafupi ndi thunthu pamene mizu yachuluka ndipo madzi safika, masentimita 30 mpaka 40 kutalikana. Chimene chimamupha ndi madzi ambiri.

Pansi pa jakaranda ndi m'mphepete mmene dzuwa la m'mawa limafika, ikamo dietes wa maluwa oyera, masentimita 60 kutalikana, ndi liriope masentimita 30. Agapanthus nayenso amachita bwino pamenepo, koma ukamulowetsa mumthunzi wakuda amangochita masamba. Pa dietes usadule mapesi a maluwa akangofota, phesi lomwelo limaphukanso.

Chotseka mipata yonse ndi chlorophytum, uja wa masamba a mizere yoyera amene amatulutsa tiana tolendewera. Masentimita 30 kutalikana, zomera 11 pa sikweya mita. Usagule zonse. Mapata 20 akuluakulu amapereka tiana tokwanira mu dzinja limodzi. Kanikiza kamwana kalikonse m'dothi lonyowa kakadali pa chingwe chake, pakatha masabata atatu kamakhala katagwira, n'kudula chingwecho. Mondo ndi wokongola m'mbali mwa njira, mbande 7 pa mita, koma amatenga zaka ziwiri kapena kuposa kuti atseke. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa zaka ziwirizo udzakhala ukuzula udzu pakati pake, choncho usamuyale pamalo aakulu.

Ngati ufuna chodabwitsa chimodzi, kwirira anyezi a scadoxus asanu kapena asanu ndi mmodzi pakati pa chlorophytum. Ndi duwa la m'tchire mwathu momwe muno, lija lofiira lozungulira ngati mpira limene limatuluka ndi mvula yoyamba. Limagona lokha m'chilimwe ndipo silifuna kuthiriridwa. Koma dziwa kuti scadoxus ndi clivia ali ndi poizoni, makamaka ku mizu ndi ku anyezi, ndiye ana aang'ono ndi tiagalu tokumba asamasewere nazo.

Zoti uchotse ndi zoti usalole munthu akupatse. Impatiens ndiwo akukuchititsa kuthirira madzulo aliwonse, tsiku limodzi lopanda madzi mu Okutobala amagona pansi. Wedelia, uja woyanda wa timaluwa tachikasu, tradescantia wa mizere yofiirira, syngonium ndi feni wa nephrolepis amatseka msanga ndithu, ndipo n'chifukwa chake amagawidwa ulere. Chaka chachiwiri amakwera pa zomera zina, syngonium amakwera mtengo ndi khoma, ndipo kachidutswa kalikonse kotsala m'dothi kamameranso. Hydrangea, gardenia ndi azalea amafuna nthaka yowawasa. Madzi a borehole ambiri a mu Lusaka amachokera m'miyala ya laimu, ndiye zomerazi zimachita chikasu pakati pa mitsempha ya masamba ndipo udzangokhalira kugula mankhwala. Pa chifukwa chomwecho phulusa lisathiridwe m'mabediwa. Ma bromeliad amasunga madzi pakati pa masamba, ndipo m'madzimo mumaswana udzudzu.

Timiphika 20 ndi ntchito 20 patsiku. Sunga inayi kapena isanu ikuluikulu, ya masentimita 40 kukamwa kapena kuposa, uyiike pa njerwa kuti mizu ya mango isalowe pa dzenje la pansi. Zotsalazo zitsikire m'mabedi.

Pa kapinga ndisiyana pang'ono ndi bambo a ku Makeni. Ngati pali ana ofuna pogubuduka, kapinga wa LM amapirira mthunzi wa jakaranda. Amafuna kutchetchedwa pamwamba, masentimita 6 mpaka 8, ndipo mizu yake ndi yosazama, choncho m'chilimwe amamwa kawiri pa sabata. Ndi ntchito yoonjezera, koma n'zotheka. Pansi pa mango ngakhale LM amaonda.

Wa ku Chalala

Bambo a ku Makeni, nkhani ya makatoni ndi masamba sindikuikana, koma simunatchule chiswe ndi njoka, ndipo m'nyumba zambiri izi ndi zimene zimachititsa kuti anthu azisesa mpaka dothi liwale. Katoni yonyowa ndi chakudya chimene chiswe chimakonda kuposa zonse. Amayiwa anena kuti maluwa ali m'mbali mwa khoma. Zophimbira zikagunda khoma, chiswe chimamanga tinjira take ta dothi mobisika, kukwera mpaka pa mafelemu a zitseko ndi m'denga, mwininyumba osaona. Mulu wa masamba pakona nawo ndi malo ozizira amene achule ndi makoswe amakonda, ndipo njoka imatsata zimenezo. Komanso kuno kumwera kwa mzinda malo ena mwala uli pafupi kwambiri, dothi ndi lochepa, ndiye malangizo oti munthu asabweretse dothi sangagwire paliponse.

Bambo wa nazale ku Makeni

Achimwene a ku Chalala, mwachita bwino kukumbutsa. Pakati pa khoma la nyumba ndi bedi pasiyidwe kanjira ka masentimita 50 kopanda katoni, kopanda masamba, kopanda chomera. Mukhale miyala ing'onoing'ono kapena simenti, ndipo m'munsi mwa khoma muzionekera kuti tinjira ta chiswe tikayamba tionedwe msanga. Kuyang'ana kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Mulu wowolerako masamba ukhale kutali ndi nyumba, chakumpanda.

M'bedi mwenimwenimo chiswe chidzadya makatoni ndi zophimbira, zimenezo n'zosakayikitsa. Katoni ntchito yake ndi ya miyezi itatu kapena inayi yokha, kupha kikuyu ndi kupatsa mbande mpata. Ikatha, zomera zimakhala zitayamba kutseka. Tinjira ta chiswe m'dothi timathandizanso madzi kulowa. Chomera chamoyo chimene chiswe chimagwira kawirikawiri ndi chimene chafooka kale ndi ludzu kapena chavulazidwa ndi khasu, ndipo nthaka yosesedwa yopanda chouma chilichonse ndiyo imachisiya chopanda china chodya. Konzekerani kuonjezera zophimbira kawiri pachaka, mu Epulo mvula ikamatha ndi mu Seputembala kutentha kusanafike pachimake.

Za njoka, masentimita 7 a masamba oduladula si pobisala. Pobisala ndi milu ya njerwa, malata akale, nkhuni ndi udzu wautali wa kumpanda. Zimenezo zichotsedwe, njira ikhale yoyera, ndipo wolowetsa manja m'bedi avale magolovesi ndi majombo. Pamene mwala uli pafupi ndipo palibe mizu ya mtengo waukulu yoti ikwiririke, dothi lingaonjezeredwe ndithu. Chenjezo langa linali la pansi pa mtengo wokhwima. Pamenepo dothi loonjezera lisapitirire masentimita 5.

Wamapayipi wa ku Avondale

Amayi, ine ndiyankhe za madzi. Mvula ya Lusaka ndi mamilimita pafupifupi 800 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndiye miyezi 7 munda umadalira inu. Kuwaza pang'ono madzulo aliwonse kumanyowetsa masentimita awiri kapena atatu apamwamba. Mizu ya maluwa imakwera kutsata chinyezicho, mizu ya mango nayo imabwera pomwepo, ndipo mango ndi amene amapambana. Chofunika ndi kuthirira kwambiri koma patalipatali. Zomera zimene agogo atchula, zikagwira ndipo nthaka ili yophimbidwa, zimafuna malita 20 pa sikweya mita kamodzi pa sabata mu Seputembala ndi Okutobala. Pa masikweya mita 45 ndi malita 900. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mlingo womwewo pa masiku 12 kapena 14 alionse. Kuchepetsa madzi m'miyezi yozizirayi kumathandiza clivia ndi mango omwe kuchita maluwa. Chilimwe choyamba chokha, mbande zisanazike, thirirani kawiri pa sabata theka la mlingowo.

Kuti musamaime ndi hosipayipi, yalani mapayipi a drip, aja odonthetsa madzi pang'onopang'ono. Kuchokera pa thanki bwerani ndi payipi yakuda ya mamilimita 25, muikepo valavu ndi sefa ya 120 mesh, kenako idutse kumutu kwa mabedi. Pa imeneyo lumikizani mizere ya mamilimita 16 yokhala ndi timabowo todonthera pa masentimita 30 alionse, mzere ndi mzere kutalikana masentimita 40. Mukufunika mamita pafupifupi 112, timabowo ngati 375. Mzere uliwonse usapitirire mamita 15, chifukwa madzi a thanki alibe mphamvu yokankha patali ndipo kumapeto kumadontha pang'ono.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa payipi pamalembedwa malita 2 pa ola, koma chiwerengerocho ndi cha mphamvu ya 1 bar, imene ndi thanki yokwera mamita 10. Yanu ili pa mamita 4, ndiye kabowo kalikonse kadzatulutsa lita imodzi ndi pang'ono, tinene 1.2 pa ola. Timabowo 375 tidzapereka malita ngati 450 pa ola, kutanthauza maola awiri kuti mufike pa 900. Musadalire masamu anga okha. Ikani kapu pansi pa kabowo ka kumapeto kwa mzere kwa mphindi 10. Mukapeza mamililita 200, muli pa 1.2 pa ola. Mukapeza ochepera, onjezerani nthawi. Pogula, kanani mapayipi olembedwa pressure compensating, chifukwa amafuna mphamvu yoposa imene thanki yanu ingapereke. Chimodzimodzi timer ya mabatire, kachipangizo kotsegula ndi kutseka madzi pa nthawi yake: mitundu yambiri sitseguka bwino pa mphamvu yochepa, funsani ya ball valve. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti magetsi akazima madzi amatsika okha, bola thanki idzazidwe pamene magetsi alipo.

Vuto lalikulu ndi laimu. Choyera chimene mumachiona mu ketulo chimamangananso m'timabowo. Ikani mapayipi pansi pa zophimbira, chifukwa padzuwa madzi amauma pakamwa pa kabowo n'kusiya laimu, komanso pulasitiki imakalamba msanga. Kumapeto kwa mzere uliwonse musamange mfundo. Pindani payipi n'kulowetsa mu kachidutswa ka payipi ya mamilimita 25, kuti kamodzi pa mwezi muzitsegula n'kusiya madzi atuluke mphindi ziwiri. Sefa itsukidwe pa masabata awiri alionse. Mzere umene watsekeka uchotseni, mutseke mbali imodzi, muthiremo viniga woyera, ugone usiku umodzi, m'mawa mutsuke ndi madzi ambiri kutali ndi bedi. Musatokose kabowo ndi singano, kamakula ndipo kamayamba kulanda madzi a tinzake. Thanki ikhale yotseka kuti ndere zisamere.

Mapayipi akabisika, chizindikiro choti penapake patsekeka ndi chlorophytum amene masamba ake atuwa ndi kupindika pamalo amodzi. Kuti mudziwe ngati nthawi yothirira yakwana, kankhani zophimbira n'kulowetsa chala chonse. Ngati kunsonga kwa chala kuli chinyezi, dikirani masiku awiri. Mvula ikakhazikika tsekani valavu, koma pafupi ndi thunthu la mango muziyesabe, chifukwa pamenepo pamatha kuuma ngakhale mu Janyuwale.

Mayi wa ku Chelstone

Zikomo kwambiri nonse, agogo ndi abambo. Ndatsala ndi mafunso awiri. Mango akayamba kupsa amagwa ambiri, ndipo pa dothi losesedwa kutola n'kosavuta. Nanga pakati pa maluwa zidzatha bwanji? Chachiwiri, masamba a zomera za m'miphika imene ili pansi pa mango amachita zakuda ngati mwaye. Kodi kudulira nthambi kungathandize, ndipo kuchitike liti?

Wodulira mitengo wa ku Chilenje

Amayi, zakudazo ndi nkhungu imene imamera pa timadzi totsekemera. Timadzito timadontha kuchokera ku tizilombo toyamwa masamba a mango, tija toyera ngati thonje ndi tina tomatirira ngati mamba. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa thunthu, dziwani kuti tilipo. Timachuluka mumtengo wothinana mmene mphepo ndi kuwala sizidutsa. Mwaye wa pa masamba umachoka ndi nsalu ndi madzi a sopo pang'ono, koma umabwerera ngati mtengo sunatsegulidwe.

Mango amadulidwa zipatso zikangotha, mu Janyuwale kapena Febuluwale, kuti aphuke mvula ikadalipo. Mukadulira mu Juni kapena Julayi mumadula maluwa a chaka chimenecho. Chotsani nthambi zouma, zokhudzana ndi zinzake, ndi zonse zolendewera pansi pa mamita awiri, kuti kuwala kwa m'mawa ndi madzulo kuzilowa cham'mbali. Kenako chotsani nthambi imodzi kapena ziwiri zoimirira pakati. Pa chaka chimodzi musachotse kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba onse. Mukapitirira pamenepo khungwa la nthambi zotsala limapsa ndi dzuwa, mtengo umatulutsa mphukira zambirimbiri zothinana kuposa poyamba, ndipo clivia wa pansiyo amapserera.

Nthambi yaikulu imadulidwa katatu, ndi sowo osati chikwanje. Yambani kunsi kwake, masentimita 30 kuchokera pa thunthu, mulowe gawo limodzi mwa atatu. Kenako dulani kuchokera pamwamba, masentimita 5 kutsogolo kwa poyambapo, mpaka igwe. Pomaliza chotsani chitsa chotsalacho kunja kwa kamkombero kotupa kamene kali pamene nthambi yatulukira. Kamkomberoko ndi kamene kamatseka bala. Mukadula kamodzi kuchokera pamwamba, nthambi imasenda khungwa la thunthu ikamagwa. Utomoni wa mango umawotcha khungu ndi maso, choncho wodula avale malaya a manja aatali. Utsi wa masamba ake nawonso umayabwa anthu ena, chimene ndi chifukwa china chosiyira kuwotcha kwa Loweruka. Kudulira koyamba kwakukulu kuli bwino kuchitike musanabzale, kapena phimbani maluwa ndi matabwa, chifukwa nthambi imodzi yogwa imaphwanya clivia wa zaka zitatu.

Jakaranda musamudule mutu. Akadulidwa pamwamba amatulutsa mphukira zowongoka zambiri zosagwira bwino, zimene zimathyoka ndi mphepo ndipo zimafuna kudulidwa chaka chilichonse. Chotsani zouma zokha. Timbande take timene timamera m'bedi tizulidwe tikadali tating'ono ngati chala, pamodzi ndi ta lantana, gwafa ndi mabulosi timene mbalame zimagwetsa zikatera pa nthambi. Tikafika m'bondo timafuna khasu.

Za zipatso, njira yochepetsa kutola ndi kuthyola msanga. Mango akakhwima, mapewa atatukuka ndipo mkati mwayamba chikasu, athyoleni ndi ndodo ya kathumba, akapsere m'nyumba. Ogwa okha atoledwe pa masiku awiri alionse pa masabata ochepa amenewo. Owola asaponyedwe pa mulu wa masamba, chifukwa mphutsi za ntchentche za zipatso zimatuluka n'kulowa m'dothi ndipo chaka chamawa zimachuluka. Amangireni mu thumba lakuda la pulasitiki padzuwa sabata imodzi, kapena akwirireni mozama masentimita 50. Ikani miyala yopondapo m'bedi pa masentimita 60 alionse kuti wotola asaponde maluwa, ndipo pamene zipatso zimagwera kwambiri pakhale chlorophytum, amene akaphwanyika amaphukanso msanga.

Agogo a maluwa ku Roma

Ndinaiwala chinthu chimodzi, mwanawe, ndipo ndicho chokha chimene chingakuphere clivia ndi agapanthus. Kuyambira Seputembala mpaka Epulo kumabwera mbozi yakuda ya mizere yachikasu. Gulugufe wake wa usiku amaikira mazira pagulu kunsi kwa tsamba. Timbozi tikaswa timaloweratu mkati mwa tsambalo n'kumadya kutsika, ndipo tikafika pamtima chomera chimawola. Ukaona tsamba lili ndi chigamba chotuwa chooneka ngati chanyowa mkati, lidule m'munsi mwa chigambacho, uliphwanye ndi phazi, usaliponye pa manyowa. Mankhwala opopera sagwira bwino mbozi ikalowa kale, ndiye kutembenuza masamba kamodzi pa sabata, mphindi 10, ndiko kumateteza. Pa ulendo womwewo tola nkhono. Thabwa lonyowa losiyidwa m'bedi usiku limazisonkhanitsa kunsi kwake.

Feteleza safunika wambiri. Masamba owola akudyetsa kale. Ngati zomera zikuoneka zofooka, mwaza D compound dzanja limodzi losadzaza, magalamu ngati 30 pa sikweya mita, kamodzi mu Disembala mvula ikugwa, osagwetsera pamtima pa chomera. Urea usathire, amatulutsa masamba ofewa amene nkhono ndi mbozi zimathamangira.